Nsalu, minyanga ndi thonje: pamene America inkakula, ife tinkasenza

Mzinda wa Dar es Salaam usanamangidwe, pamalo pamene lero pali doko lolandirirapo magalimoto, feteleza ndi mafuta opita ku Malawi, padali kamudzi ka asodzi kotchedwa Mzizima. Kumtunda kwake kunkakhala Azaramo, ndipo imodzi mwa ntchito zimene zinkawapezetsa nsalu ndi mikanda idali yokumba utomoni. Sudali utomoni wongokanda pamtengo ayi. Udali wakalekale, wouma gwa, wokwiririka pansi m'malo momwe kale mudamera mitengo imene Aswahili amaitcha msandarusi, ndipo anthu ankaufukula mvula ikagwa, dothi litafewa. Amwenye a m'masitolo a m'mphepete mwa nyanja ankaugula, ngalawa n'kuuwolotsera ku Zanzibar, ndipo wambiri unkakwera zombo zopita ku Salem, tauni ya ku Massachusetts m'dziko la America. Kumeneko ankautsuka m'fakitale n'kupangira vanishi wowalitsira mipando ndi ngolo za anthu olemera. Munthu wokumba dothi kuseri kwa Mzizima m'zaka za m'ma 1850 adali kale wantchito wa mafakitale a ku America, chikhalirecho fakitale asanaionepo ndi maso.

Mbiri ya momwe America idakulira pakati pa 1865 ndi 1920 kawirikawiri amaikamba anthu oima ku New York kapena ku Washington. Amanena za njanji, zitsulo ndi mafuta, za atolankhani olimba mtima amene adavundukula chinyengo cha makampani, za malamulo oteteza wogula ndi wantchito, kenako za zombo zankhondo zimene zidazungulira dziko lonse lapansi. Zonsezo n'zoona. Koma woima pagombe la Dar es Salaam, kapena m'minda ya ku Magomero, amaona nkhani yomweyo ili ndi nkhope ina. Kwawo, America idaphunzira kuboola mphuno makampani ake ngati ng'ombe za pangolo kuti aziyenda momvera. Koma chingwecho chidalekezera pawiri: pa khungu la munthu ndi pamphepete pa nyanja. Kuseri kwa malire awiriwo njala ya mafakitale inkadya popanda woiletsa, ndipo ena mwa odyedwawo adali makolo athu.

Malonda ndiwo adatsogola. Mu 1833 nthumwi ya boma la America, Edmund Roberts, idasainirana pangano la malonda ndi Seyyid Said, mfumu ya ku Oman imene inkalamuliranso Zanzibar ndi gombe loyang'anizana nayo. Mu 1837 Richard Waters wa ku Salem adakhala kazembe woyamba wa America ku Zanzibar, Angerezi asanatumize wawo. Mu 1840 chombo cha mfumuyo, Sultana, chidakocheza ku New York chitasenza katundu wa malonda. Chimene anthu a ku Salem ankabweretsa kwambiri idali nsalu yathonje yolimba, yosanyika mu utoto, imene anthu a pagombe adaitcha merikani. Kumtunda nsalu imeneyi ndiyo idali ndalama. Ankaiyeza m'mikono ndi m'mikwamba, n'kulipira nayo amtengatenga, kugula nayo chakudya panjira, kupereka nayo msonkho kwa mafumu eni njira. Ayao oyenda njira ya ku Kilwa adafika nayo kwa Makanjira ndi kwa Mponda, ndipo ngalawa za Jumbe zidaiwolotsera ku Nkhotakota. Ngakhale Henry Morton Stanley, amene nyuzipepala ya New York Herald idamutuma kukafuna David Livingstone, ponyamuka ku Bagamoyo mu 1871 adanyamula mitolo ya nsalu yomweyi, mbendera ya America ili patsogolo pa ulendo.

Pali chinthu pa nsalu imeneyi chimene chimandiwawa ndikachiganizira. Nkhondo yapachiweniweni ya ku America isanabuke mu 1861, thonje lolukira merikani linkatoledwa ndi akapolo, zidzukulu za Aafrika, m'minda ya ku Georgia, Alabama ndi Mississippi. Likalukidwa ku Massachusetts, kumene anthu ambiri ankadzitama kuti amadana ndi ukapolo, linkabwera kuno kudzagula minyanga ya njovu, m'njira zomwezo zimene zinkatsitsira akapolo kunyanja. Thukuta la kapolo wa kutsidya linkathandiza kugwetsa mudzi wa kuno.

Minyangayo inkapita kuti? Yambiri yolowa mu America inkathera m'matauni awiri ang'onoang'ono a ku Connecticut, Deep River ndi Ivoryton. Makampani a Pratt, Read ndi Comstock, Cheney ankaicheka n'kupanga zipeso, mipira ya biliyadi, ndipo koposa zonse timabatani toyera ta piyano. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, banja la ku America limene zinthu zayamba kuliyendera linkaonekera pa piyano ya pabalaza, mwana wamkazi akuimba nyimbo za kutchalitchi. Palibe amene ankafunsa kuti njovu zake zatha zingati, kaya amene adasenza mnyangawo kuchokera kunyanja ya Tanganyika mpaka ku Bagamoyo adafika wamoyo. Mmodzi wa ogula minyanga, Ernst Moore, amene adagwira ntchitoyi ku Zanzibar, Mombasa ndi Aden kuyambira 1907, adadzalemba yekha buku mu 1931 lotcha malondawa mliri wa Africa.

Nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865 idadula msika wa merikani, ndipo mafakitale a ku Bombay adalowa m'malo, dzina lokha n'kutsala. Nkhondo itatha amalonda a ku America adabweranso, koma tsopano katundu wawo wamkulu adali palafini, wothiridwa m'zigubu zamalata ziwiriziwiri m'bokosi lamatabwa. Nyali ya koloboyi idayamba kulowa m'nyumba za pagombe. M'zaka zomwezo, cha m'ma 1865, Sultan Majid, mwana wa Seyyid Said, adayamba kumanga tauni yatsopano pafupi ndi Mzizima n'kuitcha Dar es Salaam. Atamwalira mu 1870 ntchitoyo idaima, mpaka Ajeremani adadzakhazikapo malo awo mu 1887 n'kuisandutsa likulu la dziko lawo la German East Africa mu 1891.

Palafini uja ali ndi mwini wake, ndipo kumutsatira kumatifikitsa pakati penipeni pa nkhani ya America. John D. Rockefeller adayambitsa kampani ya Standard Oil ku Cleveland mu 1870. Pasanathe zaka khumi, pa migolo khumi iliyonse ya mafuta oyengedwa m'dzikolo, pafupifupi isanu ndi inayi idali yake. Sikudali kuchenjera pantchito kokha. Ankapangana mseri ndi makampani a njanji kuti iye azinyamuliridwa motchipa, opikisana naye azilipira zambiri, mpaka atagwa n'kumugulitsa mafakitale awo. Njanji yolumikiza gombe la kuvuma ndi la kuzambwe idatha mu 1869. Ku Pittsburgh, Andrew Carnegie adamanga ufumu wa zitsulo umene adaugulitsa kwa J. P. Morgan mu 1901 pamtengo wa madola 480 miliyoni. Pofika m'ma 1890 mafakitale a ku America ankatulutsa katundu woposa wa ku Britain, ndipo manja ogwira ntchitoyo ankachokera ku Italy, Poland, Russia ndi Ireland. Pa chilumba cha Ellis chokha, chimene chidatsegulidwa mu 1892, padadutsa anthu oposa 12 miliyoni.

Walira mvula walira matope. M'mafakitale a zitsulo munthu ankagwira maola 12 patsiku. Ana ankagwira ntchito m'mafakitale a nsalu ndi m'migodi ya malasha. Woduka mkono pamakina nthawi zambiri ankangouzidwa kuti apite kwawo. Pa 1 May 1886 antchito mazanamazana a zikwi adanyanyala ntchito pofuna maola asanu ndi atatu patsiku. Patatha masiku atatu bomba lidaphulika pamsonkhano wa ku Haymarket mumzinda wa Chicago, ndipo atsogoleri anayi adanyongedwa mu 1887 popanda umboni woti ndiwo adaliponya. Tsiku la apantchito limene timaguba ku Lilongwe ndi ku Blantyre, limenenso anzathu a ku Tanzania amalitcha Mei Mosi, lidachokera pamenepo, ngakhale eni ake ku America amakumbukira apantchito mu September. Ku Homestead mu 1892 alonda a mfuti olembedwa ganyu adawomberana ndi antchito a Carnegie. Mu 1894 asilikali a boma adathetsa sitalaka ya antchito a njanji imene idayambira ku kampani ya Pullman.

Kukonza zinthu sikudayambe ndi apulezidenti. Kudayamba ndi alimi a kumidzi amene mitengo ya njanji ndi ngongole za mabanki zinkawafinya, mpaka adapanga chipani chawo mu 1892. Kudayamba ndi amayi ngati Jane Addams, amene mu 1889 adatsegula nyumba ya Hull House pakati pa amphawi a ku Chicago, n'kukhala nawo pamodzi, kumalemba za nyumba zawo, malipiro awo ndi matenda awo kuti aphungu asowe pokanira. Lamulo la Sherman loletsa makampani kugwirizana zophangira msika lidakhazikitsidwa mu 1890, koma poyamba makhoti ankalitembenuza n'kumakwapula nalo mabungwe a antchito. Chimene chidalipatsa mano ndi cholembera. Ida Tarbell, mwana wa munthu amene bizinesi yake ya mafuta idavulazidwa ndi machenjera a Rockefeller, adafufuza makalata ndi zolembedwa za m'makhoti kwa zaka, ndipo kuyambira 1902 magazini ya McClure's idasindikiza zimene adapeza, mwezi ndi mwezi. Sadalalate. Adangoyala manambala ndi masiku. Mu 1911 khoti lalikulu lidalamula kuti Standard Oil igawidwe kukhala makampani 34.

Upton Sinclair adakhala masabata asanu ndi awiri m'malo ophera nyama a ku Chicago n'kulemba buku la The Jungle, limene lidatuluka mu 1906. Iye ankafuna anthu amvere chisoni antchito, koma owerenga adanyansidwa ndi nyama yowola imene ankaidya osadziwa, ndipo chaka chomwecho Pulezidenti Theodore Roosevelt adasaina malamulo oyendera nyama, zakudya ndi mankhwala. Pa 25 March 1911 moto udabuka m'fakitale yosoka mabulauzi ya Triangle ku New York. Zitseko zina zidali zokhoma, ndipo anthu 146 adafa, ambiri mwa iwo atsikana obwera kumene m'dzikolo. Maliro amenewo ndiwo adabala malamulo ambiri a chitetezo cha pantchito ku New York. Mu 1913 kudabwera msonkho wa pa zimene munthu amapeza, banki yaikulu ya Federal Reserve, ndi ufulu woti anthu azisankha okha aphungu a nyumba ya Senate. Amayi adapeza voti m'dziko lonse mu 1920.

Zimenezi ine ndimazilemekeza, ndipo sindifuna kuzichepetsa. Palibe ndi chimodzi chomwe chimene olemera adachipereka mwaulere. Tikamadandaula lero kuti makampani ochepa agwirizana zokweza mtengo wa shuga kapena simenti, n'kumayang'ana ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission kuti lichitepo kanthu, tikuyenda m'njira imene alimi ndi atolankhani aja adalambula nawo. Koma funso limene wowerenga wa kuno ayenera kufunsa ndi lakuti: malamulo amenewo ankateteza yani?

Zaka zomwezo zimene amazitcha za kukonza zinthu ndizo zaka zimene munthu wakuda wa ku America adalandidwa pafupifupi zonse zimene adapeza ukapolo utatha. Mu 1896, pamlandu wa Plessy, khoti lalikulu lidavomereza tsankho m'sitima, ndipo kuchokera pamenepo lidakhwimiratu m'masukulu, m'zipatala ndi m'manda momwe. Ku Louisiana, anthu akuda olembetsa kuvota adali oposa 130,000 mu 1896. Pofika 1904 adatsala osakwana 1,400. Magulu a azungu ankapachika anthu akuda pamitengo popanda mlandu kuzengedwa, ena n'kujambulitsa zithunzi pambali pa mtembo. Mtolankhani Ida B. Wells atalemba zoona za kuphana kumeneku ku Memphis mu 1892, adamuphwanyira makina osindikizira, ndipo sadathe kukhalanso mumzindawo. Mu November 1898 ku Wilmington, North Carolina, azungu a mfuti adagwetsa khonsolo yosankhidwa ndi anthu n'kupha akuda ambiri.

M'dziko limeneli ndimo John Chilembwe adafika mu 1897, ali ndi mmishonale Joseph Booth. Adakaphunzira ku Virginia Theological Seminary and College mumzinda wa Lynchburg, sukulu ya Abaptisti akuda imene mkulu wake, Gregory Hayes, ankalimbikira zoti anthu akuda aziyendetsa okha masukulu awo osadalira azungu. Ganizirani zimene mnyamata wa ku Chiradzulu adaona m'zaka zitatu zimenezo: masitima ndi magetsi, mabanki ndi manyuzipepala a anthu akuda, abusa ndi madokotala akhungu ngati lake, komanso nkhani za anthu opachikidwa ndi za ku Wilmington. Adaona chuma cha dzikolo, adaonanso mpanda umene udatchinga anthu ake kunja. Pobwerera mu 1900, mothandizidwa ndi National Baptist Convention, adakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe. Landon Cheek adabwera kudzamuthandiza mu 1901, Emma DeLaney mu 1902. Ndalama zawo zinkachokera m'zopereka za ochapa zovala, ophika ndi alimi osauka a m'matchalitchi a akuda.

Chilembwe ali ku Lynchburg, America idatuluka m'malire ake. Chombo chankhondo cha Maine chitaphulika padoko la Havana mu February 1898, nkhondo ndi Spain idabuka, ndipo idatha m'miyezi yochepa. America idatenga Puerto Rico ndi Guam, idalipira Spain madola 20 miliyoni n'kutenga Philippines, ndipo chaka chomwecho idamezanso Hawaii. Anthu a ku Philippines, amene ankayesa kuti alandira ufulu, adamenyana ndi mbuye watsopanoyo kuyambira 1899 mpaka 1902, ndipo anthu wamba osachepera 200,000 adafa ndi nkhondo, njala ndi matenda. Ngalande ya Panama idakumbidwa pakati pa 1904 ndi 1914. Ku Africa America sidatenge dziko, koma sidalinso mlendo wongodutsa. Mu 1884 idali yoyamba kuvomereza mbendera imene Mfumu Leopold ya ku Belgium idaimika ku Congo, ndipo nthumwi zake zidakhala nawo pamsonkhano wa ku Berlin wa 1884 mpaka 1885. Amene adayamba kuulula poyera nkhanza za ku Congo, mu 1890, adali munthu wakuda wa ku America, George Washington Williams.

Koma chingwe chimene chidamanga Dar es Salaam ndi Magomero ku America mwamphamvu kuposa zonse chidali thonje. Mafakitale a nsalu a ku Germany ndi ku Lancashire ankadalira thonje la kummwera kwa America. Pamene mafakitale a ku America omwe adayamba kudya thonje lambiri, kachilombo koboola thonje n'kulowa ku Texas mu 1892, amalonda a ku New York ndi New Orleans n'kumasewera ndi mitengo, eni mafakitale a ku Ulaya adachita mantha. Yankho lawo lidali limodzi: thonje lilimidwe m'maiko a atsamunda. Ku Germany, bungwe la Kolonial-Wirtschaftliches Komitee lidapempha Booker T. Washington, mkulu wa sukulu ya akuda ya Tuskegee ku Alabama, kuti awatumizire akatswiri, ndipo gulu lotsogozedwa ndi James Calloway lidayamba ntchito ku Togo mu 1901. Chimene Ajeremani ankasirira sichidali mbewu yokha. Ankasirira dongosolo lonse la kummwera kwa America, kumene mlimi wakuda adalibenso unyolo koma adalibenso malo ake, kumalima munda wa mwini n'kugawana naye zokolola, ngongole ikumumanga chaka ndi chaka. Aliyense amene adaonapo moyo wa matenanti m'maesiteti a fodya ku Kasungu kapena ku Mchinji sasowa kumufotokozera.

Ku German East Africa, Bwanamkubwa Gustav Adolf von Götzen adayambitsa minda ya thonje ya m'midzi mu 1902, ndipo boma la Dar es Salaam ndilo lidali loyamba. Mudzi uliwonse unkalamulidwa kulima munda wa thonje, nyakwawa ndi akapitawo a boma otchedwa akida akuyang'anira, chikoti chili m'manja. Anthu ankasiya minda yawo ya mapira ndi mpunga panthawi yopalira, ndipo malipiro ake adali ochepa mwakuti Azaramo ena adakana kuwalandira. Dongosololi lidafalikira ku Rufiji, Kilwa ndi Lindi. Mu July 1905, ku Nandete m'mapiri a Matumbi, anthu adalowa m'munda n'kuzula mitengo ya thonje. Kumeneko kudali kulengeza nkhondo. Mtima adawalimbitsa ndi Kinjikitile Ngwale wa ku Ngarambe, amene ankagawa madzi oti zipolopolo zisawalase, ndipo nkhondoyo idatchedwa Maji Maji.

Thonje silidali chifukwa chokhacho. Padali msonkho wa nyumba, ntchito yokakamiza ndi nkhanza za asilikali. Koma ndi m'munda wa thonje m'mene moto udayakira. Udafalikira ku Mahenge, ku Lindi, mpaka kwa Angoni a ku Songea, abale a Angoni athu. Kuchokera ku likulu lawo ku Dar es Salaam Ajeremani adayankha ndi mfuti zachiwaya, kenako ndi njala: kutentha midzi, minda ndi nkhokwe kuti anthu agonje ndi mimba. Pa 27 February 1906 mafumu ndi nduna za Angoni adanyongedwa ku Songea. Boma la Germany lidawerengera anthu akufa 75,000, koma akatswiri a mbiri yakale amati adafika pakati pa 250,000 ndi 300,000. Chaka chimene nkhokwe za ku Songea zinkapsa ndicho chaka chimene ku Washington ankasaina lamulo loti mwana wa ku America asadye nyama yowola. Nduna yoona za maiko a atsamunda ku Germany, Bernhard Dernburg, idayendera East Africa mu 1907, ndipo mu 1909 idapita yokha kummwera kwa America kukaphunzira za thonje.

Mbewu ina yochokera ku America idachita bwino kuposa thonje. Mu 1893 Richard Hindorf adaitanitsa mbande za khonje kuchokera ku Florida, ndipo zimene zidafika zamoyo zidali 62 zokha. Adazibzala pafupi ndi Pangani, ndipo kuchokera pa zimenezo German East Africa, imene pambuyo pake idatchedwa Tanganyika, idadzakhala dziko lolima khonje wambiri padziko lonse.

Kwathu Angerezi adachita zofanana ndi za Ajeremani mwanjira yawo. Bungwe la British Cotton Growing Association, lokhazikitsidwa ku Manchester mu 1902 ndi mantha omwe aja, lidalimbikitsa thonje ku Nyasaland, ndipo mbewu imene idakhazikika kumtunda idali yochokera ku thonje la ku America. Limodzi mwa maesiteti aakulu olima thonje lidali la A. L. Bruce ku Magomero, loyang'aniridwa ndi William Jervis Livingstone, pafupi ndi mishoni ya Chilembwe. Ambiri mwa okhala pamenepo adali Alomwe othawa nkhanza za Apwitikizi, anthu opanda kwina kolowera. Thangata ankati ndi mwezi umodzi wa lendi ndi wina wa msonkho, koma miyeziyo inkatalikitsidwa monga mwini esiteti wafunira, ndipo matchalitchi amene akhristu a Chilembwe ankamanga pamalopo ankatenthedwa. Munthu amene adaona moyo wa mlimi wakuda ku Virginia adaupezanso pakhomo pake.

Kenako nkhondo ya azungu idafika. Pa 8 August 1914 zombo za Angerezi zidawombera Dar es Salaam. Patangotha masiku ochepa, chombo chawo cha Guendolen chidalemaza chombo cha Ajeremani cha Hermann von Wissmann ku Liuli panyanja ya Malawi, ndipo mu September asilikali akuda adaphana ku Karonga pankhondo yosakhala yawo. Chilembwe adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula za magazi amenewo, boma n'kuitsekereza. Pa 23 January 1915 anthu ake adaukira, Livingstone adaphedwa, ndipo pa 3 February Chilembwe naye adawomberedwa. Tchalitchi chake chanjerwa ku Mbombwe adachiphwasula ndi mabomba. Dar es Salaam idagwa m'manja mwa Angerezi mu September 1916, ndipo nkhondo isanathe amuna a ku Nyasaland pafupifupi 200,000 adasenzako katundu wa asilikali ngati amtengatenga, ambiri osabwerera.

America idalowa nkhondoyo mu April 1917, ndipo potuluka idali itasanduka wokongoza maiko a ku Ulaya, pamene kale idali wokongola. Pulezidenti wake, Woodrow Wilson, adabadwira ku Virginia komwe Chilembwe adaphunzira, ndipo mwa iye nkhope ziwiri za nyengoyo zimaonekera pamodzi. Ndiye adasaina malamulo a banki yaikulu ndi oletsa makampani kuphangira msika. Ndi boma lakenso limene lidalekanitsa akuda ndi azungu m'maofesi a boma ku Washington. Ku Paris mu 1919 ankalalikira za ufulu wa mitundu kudzilamulira, koma Japan itapempha kuti pangano la League of Nations linene kuti mitundu yonse ya anthu ndi yofanana, nthumwi zambiri n'kuvomera, Wilson monga wapampando adagamula kuti popeza si onse avomera, mfundoyo yagwa. W. E. B. Du Bois, mmodzi wa atsogoleri a anthu akuda a ku America, adachititsa msonkhano wa Pan-African Congress mumzinda womwewo mu February, kupempha kuti Aafrika amvedwe pa za maiko olandidwa kwa Germany. Akuluakulu sadaulabadire.

Komabe kuumirira kwa Wilson kuti maikowo asangogawidwa ngati zofunkha za kunkhondo kudasiya kampata. Britain idalandira Tanganyika osati ngati chuma chake, koma ngati dziko losungira League of Nations, ndipo inkayenera kupereka lipoti ku Geneva chaka chilichonse. Nyumba ya Senate idakana kuti America ilowe m'bungwelo, koma dongosololo lidakhalabe, ndipo mu 1946 lidasamukira ku United Nations, imene idayamba kutumiza nthumwi kudzamva madandaulo a anthu. Chipani cha TANU chitakhazikitsidwa ku Dar es Salaam pa 7 July 1954, mtsogoleri wake Julius Nyerere adali ndi kokadandaula kopitirira London. Mu March 1955 adakaima pamaso pa Trusteeship Council ku New York, ndipo pa 9 December 1961 Tanganyika idalandira ufulu popanda nkhondo.

Nyasaland idalibe mpata wotero, n'chifukwa chake mu 1953 adatha kutikankhira m'chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland tikukana. Chimene ife tidalandira ku America chidadzera kwa anthu amene kwawoko adali kunja kwa mpanda. Hastings Kamuzu Banda adapita kumeneko mu 1925 mothandizidwa ndi mpingo wa akuda wa African Methodist Episcopal, adayambira ku Wilberforce ku Ohio, n'kumaliza za udokotala mu 1937 ku Meharry Medical College, sukulu ya akuda ya ku Nashville. Iye asanafike, pasukulu yomweyo padadutsa kale Daniel Sharpe Malekebu, mwana wasukulu wa Emma DeLaney ku Mbombwe, amene adatsatira mphunzitsi wakeyo kutsidya kwa nyanja ali mnyamata. Atayesa kubwerera kwawo mu 1921 ndi mkazi wake Flora, boma la atsamunda lidamukaniza kukhala m'dzikomo, poopa munthu wakuda wophunzira ku America, ndipo adakagwira ntchito ku Liberia. Adamulola mu 1926. Adatsegulanso Providence Industrial Mission pamalo pomwe padali mabwinja, ndipo ndalama zoyambira ntchitoyo zidachokeranso m'mbale za zopereka za National Baptist Convention.